Nyumba Yachisanu

1. Lamulo la choko

Kuseri kwa chipatala kunali kachipinda kamene kale ankasungiramo mabedi othyoka. Munali tebulo limodzi, mabenchi awiri, bolodi long'aluka pakona, ndi fani imene inasiya kalekale kuzungulira n'kuyamba ntchito yosunga fumbi. M'kachipinda kameneka ndi mmene munali likulu la kafukufuku wa katemera wa ana.

Ofufuza analipo asanu. Wamng'ono pa onsewo anali mtsikana amene anali atangolemba kumene mayeso otsiriza a kusekondale. Anzake ankamutchula kuti Kamphepo chifukwa cha kayendedwe kake: ukamuona pano, pophethira ali uko. Masamu ankangowamwa ngati madzi. Ntchitoyi anamupezera ndi msuweni wake, bambo wa ana awiri, amene anali atatha nsapato zambiri pa ntchito zofufuza zoterezi.

Koma Kamphepo sanabwerere ntchito yokha ayi. Maso ake anali pa kalata. Chaka chilichonse Mayi Kapitawo, amene ankayang'anira kafukufukuyo, ankalembera wachinyamata mmodzi yekha kalata yomuchitira umboni, ndipo wolandira kalatayo ankapatsidwa malo aulere kusukulu ya ziwerengero. Bambo ake a Kamphepo anali kalipentala wokhoma zitseko ndi mipando. Popanda kalata imeneyo, sukulu ya mwana wawo inali itathera pomwepo.

Mayi Kapitawo anali mayi wamtali, wa imvi, wa mawondo otupa, ndipo cholembera chofiira sichinkachoka m'tsitsi mwawo. Tsiku loyamba anakhala pampando mwapang'onopang'ono, n'kutambasula mapu patebulo.

"Tcherani khutu, chifukwa sindibwereza, mpweya ndilibe," anatero. "Akuluakulu a zaumoyo akufuna kudziwa ngati m'pofunika kumatsegula sikelo ya ana Loweruka. Anena kuti tikapeza kuti pa ana 100 alionse, ana 20 kapena kuposa sanamalize katemera, atsegula. Akachepera pamenepo, satsegula. Pa mapu awa pali nyumba zonse zimene muli ana aang'ono. N'zambiri, sitingalowe monse. Tilowa nyumba 300 zokha, aliyense wa inu 60."

Anakweza kachidutswa ka choko m'mwamba.

"Nyumbazo simusankha ndinu. Muziwerenga motsatira mapu: yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi, zimenezo muzidutse. Yachisanu ndiyo yanu, kaya kuli galu, kaya ili pamwamba pa chitunda, kaya mwini wake ndi wamwano. Mukapeza pali loko, mulembe kamzere kamodzi pamwamba pa chitseko, mudzabwerenso nthawi ina: m'mawa, madzulo, ngakhale Lamulungu. Mizere ikakwana itatu mubwere kwa ine, ndikusankhireni nyumba ina ndine. Kubwera chimanjamanja si zamanyazi. Koma musayerekeze, ndati musayerekeze, kulowa khomo loyandikana n'kulemba ngati ndi lomwelo."

Wina anafunsa kuti cholakwika n'chiyani, poti mwana ndi mwana.

"Cholakwika ndi ichi," anayankha Mayi Kapitawo. "Mayi amene mumamupeza pakhomo masana ndi yemweyo amene amakhala ndi mpata wopita kusikelo Lachitatu m'mawa. Khadi la mwana wake limakhala lodzaza. Amene wakhoma loko uja ndi amene tikumufunafuna. Mukamulumpha, mwamufafaniza. Akuluakulu aja sadzadziwa n'komwe kuti alipo, ndipo adzagona tulo tabwino poganiza kuti ana onse ali bwino. Ndatha zaka makumi atatu ndikunena mawu omwewa, pakamwa panachita kuuma. Tengani choko chanu muzipita."

2. Chitseko cha buluu

Sabata yoyamba Kamphepo anasunga lamulo lonse. Koma ntchito yowerenga nyumba imaoneka yopepuka ukakhala pabenchi. Dzuwa linkaswa mtengo, tinjira tinali tokhotakhota, ngalande zonunkha zinali zoti uzichita kulumpha, ndipo maloko anali ngati achita kupangana. Nyumba ina anaipitira kawiri, ina katatu. Zidendene zinatuluka matuza, matuzawo anaphulika, pamalo pake panabwera ena.

Pofika Lolemba la sabata yachiwiri anali ndi mafomu khumi ndi anayi okha. Msuweni wake anali nawo makumi awiri ndi asanu, koma malaya ake analibe ngakhale kadontho ka thukuta.

Tsiku limenelo mapu anamutengera pamwamba pa chitunda, kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Anawerenga nyumba zinayi, n'kuima pa yachisanu. Inali ya chitseko cha buluu, ndipo pachitsekopo panali loko. Anagogodabe, ngati kuti loko angayankhe. Kenaka anatulutsa choko, n'kulemba kamzere, n'kukhala pamwala ali wefuwefu.

Msuweni wake anamupeza pomwepo, botolo la chakumwa chozizira lili m'manja.

"Nanga kamphepo kaja kathera kuti? Lero ndiye kuli bata."

"Asuweni, musandiseke. Miyendo iyi si yanganso."

"Mafomu akwana angati?"

"Khumi ndi anayi."

Msuweniyo anaimba mluzu, n'kumupatsira botolo lija. Kenaka analoza ndi mlomo khomo loyandikana. Kumeneko mayi wina ankayanika zovala, mwana ali kumbuyo.

"Tayang'ana uko. Mayi alipo, mwana alipo, khadi lilipo. Nyumba ziwirizi zasiyana ndi chiyani? Khoma lokha basi."

"Koma Mayi Kapitawo anati..."

"Mayi Kapitawo adzakwera chitunda chino ndi mawondo aja? Kale inde, ankabwereza nyumba imodzi pa nyumba khumi zilizonse kuti aone ngati tinafikadi. Chaka chino galimoto inafa, wowathandiza anasiya ntchito, atsala okha ndi cholembera chawo. Tamvera, msuweni wanga. Ine ndinakulowetsa ntchitoyi kuti utenge kalata ija, osati kuti uzicheza ndi maloko. Munthu wa mafomu khumi ndi anayi samulembera kalata."

Kamphepo anayang'ana chitseko cha buluu, anayang'ananso mayi woyanika zovala. Anali atatopa, ndipo kunena zoona analinso ndi mantha kuti atsalira. Anadzuka, n'kukaodira khomo loyandikana lija.

Sizinatenge ndi mphindi khumi zomwe. Khadi linali lodzaza, mayiyo anali wansangala, anamupatsanso madzi akumwa. Pamwamba pa fomu Kamphepo analemba nambala ya nyumba ya chitseko cha buluu. Pakona, m'munsi, anaikapo kadontho ka pensulo, kakang'ono koti wina sangakaone. Iye anali munthu wa masamu, ndipo sankatha kusiya chinthu chosiyana ndi zinzake chopanda chizindikiro.

Kachiwiri mtima unagundako pang'ono. Kachitatu anangopatuka ngati ndi njira yakwawo. Pamene sabata yachitatu inkatha, mafomu a kadontho anali atakwana khumi ndi awiri, ndipo Kamphepo anali patsogolo pa anzake onse.

3. Tepi ya bambo

Bambo ake ndiwo anayamba kudabwa. Tsiku lina anali panja akupala thabwa, pensulo ili kukhutu, pamene anamuona akulowa pageti dzuwa likadali pamwamba.

"Masiku ano ukuweruka msanga. Nyumba zatha m'deramo?"

"Ayi bambo, asuweni andiphunzitsa chidule."

Anafotokoza mosekaseka, ngati nkhani wamba, uku akuvula nsapato. Bambowo sanaseke nawo. Anaika chopalira pansi, anapukuta manja pa ovolosi, n'kukhala pa thabwa lomwe ankapala lija.

"Ndili mnyamata, mmisiri amene ankandiphunzitsa ntchito anandituma kukayeza khomo," anayamba motero. "Unali mdadada wa nyumba zisanu ndi imodzi, zomangidwa ndi munthu mmodzi, zofanana ngati mazira. Ndinapeza eni ake atachokapo, geti lokhoma. Ndinati nanga ndibwerere ulendo wonsewu? Ndinayeza khomo la nyumba yoyandikana. Tinakhoma chitseko chokongola zedi, ndinachisenza pamutu mpaka kumeneko. Pochiika, chinachepa ndi zala ziwiri. Zala ziwiri zokha, mwanawe. Chitseko chikakula umapala, koma chikachepa palibe chochita. Banja lija linatha sabata yathunthu likutseka pakhomo ndi chiguduli, m'nyumbamo muli mwana wakhanda, kunja kukuzizira. Mmisiri uja sanandikalipire. Anangondipatsa tepi yoyezera n'kunena kuti tepi sinama, koma imanena za khomo limene waiyikapo, osati limene unatumidwa."

Kamphepo anaika pansi nsapato imene inali m'manja mwake.

"Ine sindikakunenera kwa abwana ako," anapitiriza bambowo. "Ndipo usaganize kuti kalatayo sindikuifuna. Ndikuifuna kuposa iwe. Msana uwu watha, maso ayamba kuchita chidima, ndipo usiku ndi usana ndimalakalaka utaphunzira zimene ine sindinaphunzire. Koma ukupita kukaphunzira ntchito yoyeza. Anthu adzakhoma zinthu zikuluzikulu potsatira miyeso yako, iwe uli kutali, ndipo ogona ndi chiguduli sudzawaona n'komwe. Ndanena zanga. Tandipatsira misomali iyo."

Kamphepo anawapatsira misomali. Anawamvera chisoni bambo ake, komanso anawakwiyira pang'ono, poti mawu awo anafika mochedwa, mafomu ambiri atapita kale.

4. Kamzere kamodzi

Lachisanu la sabata yachitatu linali tsiku lotsiriza loyenda. Nyumba ziwiri zomaliza zinali kuseri kwa chitunda chija, ndipo njira yake inadutsa pa malo owotcherera zitsulo. Kamphepo anawerama, n'kuwonjezera liwiro.

"Achemwali! Achemwali a choko!"

Chitseko cha buluu chinali chotsegula. Pakhomo panaima mayi wochepa thupi, atavala yunifolomu ya kufakitale yosoka zovala, timaulusi tili m'tsitsi, mwana ali m'manja.

"Ndimati ndinu. Magetsi azima kufakitale, atibweza masana. Lero ndiye ndachita mwayi. Lowani, lowani."

Kamphepo anayang'ana pamwamba pa chitseko. Kamzere kake kanali pomwepo. Pamwamba pake panali kapepala ka pulasitiki, komata bwinobwino m'mbali zonse zinayi.

Mayiyo anaona kumene maso ake analoza, n'kuseka mwamanyazi.

"Anzanga apa anandiuza kuti kamzere aka ndiye kuti mubweranso. Ndinawaletsa ana a pano kukhudza chitseko. Tsiku la mvula lija ndinamatapo pulasitiki kuti kasafufutike, mwina mungadzasochere khomo. Lamulungu lapitali ndinakhala pano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ngakhale kutchalitchi osapita, kuopa kuti tingasemphane."

M'nyumbamo munali bedi, mpando umodzi ndi ndowa ziwiri. Mpandowo anapatsa mlendo. Mayiyo anasolola chitini pansi pa bedi, n'kutulutsamo khadi la kusikelo lokulungidwa m'jumbo. Linali loyera ngati langochokera kuchipatala. Mabokosi awiri oyamba anali osainidwa. Ena onse, kuphatikizapo la katemera wa chikuku, anali opanda kanthu, chonsecho mwanayo anali atayamba kale kuyenda.

"Musandione ngati mayi wosasamala," anatero mayiyo. "Sikelo ndi Lachitatu m'mawa. Ine ndimanyamuka kusanache, mwana ndimamusiya kwa mkulu wanga kufupi ndi kuntchito, amenenso ali ndi ake anayi. Ndinapempha kamodzi, anandilola. Nditapempha kachiwiri anandiuza kuti ndisuzumire pageti, ndione anthu amene akufuna makina anga. Pamzere wathu wosoka tilipo azimayi makumi anayi, ambiri nkhani yake ndi yomweyi. Loweruka ndi Lamulungu ndiye sitigwira. Akuti mukatiwerenga bwino atsegula Loweruka, n'zoona?"

"Akuti choncho, mayi."

"Ndiye tilembeni."

Fomu ya nyumba imeneyi inali itagona kale mu kabati ya Mayi Kapitawo, ili ndi mwana wa eni ake wa khadi lodzaza. Kamphepo anatsegula chikwama, anafufuzafufuza ngati akufuna kanthu, kenaka anatulutsa kope lake lolembamo njira. Anakopera zonse za pakhadi patsamba lakumapeto. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu.

"Mwatilemba?"

"Ndalemba, mayi."

Mayiyo anapumira m'mwamba, n'kumugwedeza mwana uja. "Wamva iwe? Atiwerenga." Anamuperekeza mlendo mpaka pakhomo, n'kugwira kapulasitiki kaja. "Ndiye ndichotse tsopano?"

Kamphepo anapukusa mutu. "Ayi. Musachotse kaye."

5. Manambala pa bolodi

Lolemba m'mawa onse asanu anakhala pamabenchi aja. Mafomu anali patebulo m'milu isanu. Mayi Kapitawo anali atawawerenga Loweruka ndi Lamulungu lonse, ndipo maso awo anali ofiira ngati cholembera chawo. Anadzuka mogwirira tebulo, n'kulemba pa bolodi.

Ana onse: 300.
Osamaliza katemera: 54.
Pa 100 alionse: 18.

"Ndi zimenezo," anatero. "Pamafunika 20. Sikelo ya Loweruka kulibe. Ine mtima wanga umandiuza zina, koma sanandilembe ntchito kuti ndizitumiza za mumtima mwanga. Lachisanu nditumiza zimenezi kwa akuluakulu. Mwagwira ntchito, ana inu. Mukapume."

Onse anali otopa, ndipo ena anali atayamba kale kuganiza za kwawo.

Kenaka Mayi Kapitawo anatsegula kabati n'kutulutsa envulopu.

"Kwatsala ichi. Chaka chino sindinavutike kusankha. Mwana uyu anayamba ali kumbuyo, sanadandaule, anamaliza ali patsogolo. Mafomu ake ndi aukhondo, palibe pofufuta. Kamphepo, bwera. Ukaipereke kusukulu kuja lisanafike Lachisanu."

Anzake anawomba m'manja. Kamphepo analandira ndi manja awiri, atapinda maondo. Msuweni wake anamutsinzinira diso, n'kulengeza kuti nkhani yotere sidutsa pakhosi pouma, akukagula buledi ndi tiyi wa onse. Enawo anatuluka kukakhala pamthunzi.

Kamphepo naye anatuluka. Anayenda mpaka pageti la chipatala, envulopu ili pachifuwa. Kumanzere kunali njira yopita kwawo, kumene bambo ake ankapala matabwa. Akanangothamanga, akanawapeza asanamwe tiyi.

Koma mutu wozolowera masamu suuzidwa kuti leka. Ana 20 pa 100 alionse, pa ana 300, ndiye kuti ana 60. Pa bolodi panali 54. Operewera anali ana asanu ndi mmodzi okha. Nyumba zimene iye analumpha zinali khumi ndi ziwiri, ndipo imodzi mwa izo anali ataona khadi lake ndi maso ake.

Anapisa m'thumba kufuna kansalu kopukutira thukuta. Dzanja linakumana ndi choko chija. Chinali chikadali chachitali, pamene cha anzake chinali chitatha mpaka kutsala kakang'ono kogwira ndi zikhadabo.

Mlonda wa pageti anamufunsa ngati akutuluka kapena akulowa, poti ankatsekereza njira.

"Ndikulowa," anatero Kamphepo.

6. Cholembera chofiira

Anawapeza Mayi Kapitawo ali okha, mwendo umodzi atausanjika pabenchi, akusisita bondo. Kamphepo sanakhale pansi. Anapita pa mulu wake, n'kuyamba kusanthula mafomu, akuyang'ana pakona yam'munsi. Iliyonse ya kadontho ankaiika pambali. Atakwana khumi ndi awiri, anawaika patsogolo pa mayiwo, pamwamba pake n'kusanjikapo envulopu ija.

"N'chiyani chimenechi?"

"Mayi, nyumba izi sindinalowemo. Ndinapeza maloko. Ndinalowa makomo oyandikana n'kulemba manambala a nyumba zokhomazo."

Ananena zonse, mawu akutuluka modukaduka: za chitseko cha buluu, za kapulasitiki, za khadi la mabokosi awiri. Anatsegula kope lake patsamba lakumapeto n'kuwaonetsa.

Mayi Kapitawo sanakuwe. Anatsitsa mwendo, anavala magalasi, n'kuyang'ana mafomuwo imodziimodzi. Atamaliza anavula magalasiwo.

"Khala pansi," anatero. "Ndikuuze chimene wachita, chifukwa ndikuona kuti ukuchidziwa theka lokha. Ukanandibweretsera mafomu opanda kanthu, ndikanaona kuti apa pali dzenje, ndikanafuna njira yolikwirira. Fomu yabodza ilibe dzenje. Imafanana ndi zinzake, imalowa m'gulu, imasanduka nambala, nambalayo imakwera pa bolodi, imapita kwa anthu amene sadzaponda chitunda chimenecho moyo wawo wonse. Iwo amakhulupirira ine, ine ndimakhulupirira iwe. Pa ntchito yathuyi palibe china chimene tili nacho. Tilibe mankhwala, tilibe jakisoni. Tili ndi mawu akuti ndinafika, ndinaona, ndinalemba. Mawu amenewo akawola, tonse tingopita kwathu. Kafukufuku wina ngati uyu adzachitika patatha zaka zitatu. Mwana wa khadi lakoyo akanadikira zaka zitatu, ndipo chikuku sichidikira munthu."

Misozi inayamba kugwera pa kope la Kamphepo. Sanaipukute.

"Ndipo usaganize kuti wolakwa ndiwe wekha," anapitiriza mayiwo, mawu atatsika. "Anzako ankapeza ana osamaliza katemera khumi ndi anayi, khumi ndi asanu. Iwe asanu okha. Ndinaziona Loweruka. Ndinayenera kudabwa, ndinayenera kunyamuka kukagogoda ndekha. Koma ndatopa, mwanawe, ndatopa mpaka m'mafupa, ndipo ndinafuna kukhulupirira kuti ndapeza mwana wabwino. Ndinatseka diso limodzi. Zaka makumi atatu, n'kudzapusitsidwa ndi mawondo anga omwe."

Anatenga envulopu ija, n'kusolola kalata. Anaiwerenga yonse, ngati sanailembe okha. Kenaka anazula cholembera m'tsitsi, n'kujambula mzere wofiira kuchokera pakona yakumwamba mpaka yam'munsi.

Kamphepo anamva ngati mzerewo wadutsa pachifuwa pake. Anaona bambo ake atawerama pa thabwa, pensulo ili kukhutu.

"Kalata iyi ikunena za mtsikana amene analowa nyumba 60," anatero Mayi Kapitawo. "Mtsikana ameneyo kulibe, ndiye sindingamutumize kusukulu. Za kalata ina usandifunse, chifukwa sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti tatsala ndi masiku anayi, ndi nyumba khumi ndi ziwiri. Mawa kusanache ukhale uli pano. Tikawapeza asananyamuke, ndipo otsala tikawadikira madzulo. Chitunda chimenecho ndikwera nawe, ngakhale chokwawa."

"Chabwino, mayi."

"Wachita bwino kubwerera. Sindikuyamikira kwambiri, poti wangokonza zimene unawononga wekha, koma wachita bwino."

Anadzuka, anatenga kansanza, n'kufufuta 54 ndi 18 pa bolodi. Panangotsala 300. Pobwerera pampando anaima pa milu ina ija, n'kuika dzanja pa mulu wachiwiri kuchokera kumapeto. Kamphepo anaudziwa muluwo ndi kalembedwe kopendekeka ka msuweni wake.

"Pali mulu winanso pano woyera ngati wako," anatero mayiwo. "Koma uwu ulibe timadontho, ndipo sindingadziwe fomu yoona ndi yonama popanda wondiuza. Ngati nawonso uli wowola, nyumba zako khumi ndi ziwiri sizikwanira kuwongola manambalawa. Chidule chimenechi mwana wongochoka kusukulu sachitulukira yekha. Wakuphunzitsa ndani?"

Panja panamveka mluzu wa nyimbo. Chitseko chinakankhidwa ndi phazi, ndipo msuweni uja analowa, buledi ali m'khwapa, ketulo ili m'manja. Anali munthu yemwe uja amene anamupezera ntchito, amene ana ake awiri ankadya za ntchito yomweyi.

"Nanga bwanji kuli zii ngati pamaliro? Bweretsani makapu, lero msuweni wanga wa..."

Anaima pomwepo. Anaona bolodi lofufuta, anaona mzere wofiira pa kalata, kenaka anaona pamene panali dzanja la Mayi Kapitawo. Ketulo inapendekeka, tiyi n'kuyamba kudonthera pa nsapato zake zoyera. Maso ake anapita kwa Kamphepo, akupempha.

Mayi Kapitawo sanamucheukire n'komwe.

"Ndikudikira, mwanawe," anatero.